Benchi, gulu kapena PM+: tiwaphunzitse njira iti anthu odzipereka opereka uphungu?

Chipatala chaching'ono kapena bungwe likaganiza zophunzitsa anthu odzipereka kuti azithandiza amene akuvutika maganizo, mkangano woyamba pamsonkhano umakhala wa njira yoti atsatire. Zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi zitatu: Friendship Bench ya ku Zimbabwe, uphungu wa m'gulu wotchedwa Interpersonal Therapy (IPT), ndi Problem Management Plus, imene ambiri timangoitchula kuti PM+. Zonsezi zinayesedwa pakafukufuku ndipo zinaoneka kuti zimathandiza ngakhale wopereka uphunguyo asakhale dokotala kapena namwino, koma sizifanana pa nthawi imene zimadya, pa mavuto amene zimawagwira bwino, ndiponso pa malo amene zimapunthwa. Ndikulemba monga munthu amene wakhala akuyang'anira anthu odziperekawa, ndipo ndinena poyera pamene mtima wanga wapendekera.

Friendship Bench inayamba mu 2006 ku Mbare, mumzinda wa Harare, pamene dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anaphunzitsa agogo aakazi okwana 14 kuti azikhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu amene Ashona amati ali ndi kufungisisa, mawu ofanana ndithu ndi athu akuti kuganiza kwambiri. Munthu amakumana ndi gogoyo mpaka kasanu ndi kamodzi. Amayamba ndi kutulutsa zonse za kukhosi, kenako awiriwo amandandalika mavuto aja, mwini wake amasankhapo limodzi, amaganizira yekha njira zolithetsera, n'kupangana chochita asanakumanenso. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016 anakhudza anthu 573 m'zipatala 24 za mu Harare, ndipo patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa anthu 100 alionse amene anakhala pabenchi, pafupifupi 14 okha ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, poyerekeza ndi pafupifupi 50 mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Kuno kwathu njirayi inayesedwapo kale m'zipatala zina za ku Lilongwe pakati pa anthu amene akuyamba kumwa ma ARV.

Mphamvu ya benchi ndi yakuti siopsa. Munthu amene sangalole kulowa m'chipinda cholembedwa kuti cha odwala misala amalola kukhala pansi pa mtengo ndi mayi wamsinkhu wa amayi ake, wolankhula chinenero chake. Koma pomwepo palinso msampha umene mabuku sautchula mokwanira. Ife tinakulira m'manja mwa anankungwi, ankhoswe ndi akuluakulu a mpingo, ndipo kwa ife munthu wamkulu akamva vuto, ntchito yake ndi kulangiza. Tsiku lina ndinakhala pambali, mwini wake atalola, kumvetsera mayi wina wodzipereka akucheza ndi mtsikana wa mwana kumsana amene mwamuna wake anasiya kubweretsa ndalama pakhomo. Mtsikanayo asanamalize n'komwe kufotokoza, mayi uja anamugwira dzanja mwachikondi n'kunena kuti, “Mwanangu, banja ndi kupirira.” Mtsikanayo anangoti, “Chabwino, amayi,” n'kuyang'ana pansi, ndipo nkhani inathera pomwepo. Sabata yotsatira, titakambirana, mayiyo anayesa kudziletsa, anatsegula kope n'kulemba mavuto onse mmene mtsikanayo ankawatchulira, kenako anamufunsa limene likumusowetsa tulo koposa. Chala cha mtsikanayo chinadumpha mzere wa mwamuna n'kukaima pa ngongole ya kubanki m'khonde, imene ankachita nayo manyazi mpaka anasiya kupita kumjigo nthawi imene anzake amatunga madzi. Kusintha chizolowezi cha kulangiza kumeneku ndiko kumatenga nthawi yambiri pa njira ya benchi, ndipo maphunziro a masiku ochepa sakwanira kuchizula.

IPT ili ndi mbiri yakale kuposa zinazi. Anaiyambitsa Gerald Klerman ndi Myrna Weissman ku America m'zaka za m'ma 1970, ndipo maziko ake ndi akuti kukhumudwa kumayenda limodzi ndi zimene zikuchitika pakati pa munthu ndi anzake: imfa ya wokondedwa, mkangano wosatha, kusintha kwakukulu pamoyo monga kutha kwa banja kapena kwa ntchito, ndi kusungulumwa. Imene imatikhudza ife ndi ya m'gulu, yomwe Paul Bolton ndi anzake anaiyesa m'midzi 30 ya m'maboma a Rakai ndi Masaka ku Uganda, kumene Edzi inali itatenga anthu ambiri. Magulu a amayi paokha ndi abambo paokha ankakumana kamodzi pasabata kwa masabata 16, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2003 zinasonyeza kuti mwa anthu 100 alionse a m'magulu, osakwana 7 ndiwo anatsala ndi matendawa, pamene mwa osalowa m'magulu anali oposa theka. Bungwe la WHO linatulutsa buku la njirayi mu 2016 litaifupikitsa kufika pa misonkhano isanu ndi itatu, ndipo bungwe la StrongMinds limaigwiritsa ntchito ku Uganda ndi ku Zambia.

Pa nkhani ya maliro ndi umasiye, sindinaone njira yoposa imeneyi. Mayi wamasiye akamva mnzake akufotokoza mmene achibale a malemu anamulandira katundu, kapena mmene amadzukira usiku n'kupapasa mbali ya mphasa imene palibenso munthu, amapeza chimene wopereka uphungu mmodzi sangamupatse. Gulu limapulumutsanso nthawi, chifukwa wotsogolera mmodzi amathandiza anthu asanu ndi atatu kapena khumi pa ola ndi theka, ndipo maubwenzi ena amapitirira misonkhano itatha. Vuto lake lalikulu ndi chinsinsi. M'mudzi anthu ndi apachibale, apaukwati kapena a mpingo umodzi, ndipo zimene zanenedwa m'gulu Lachiwiri zikhoza kumveka kuchigayo Lachinayi, ngakhale onse atalonjeza. Mayi amene akumenyedwa ndi mwamuna wake, kapena amene sanaululebe kuti ali ndi kachilombo, sindingamutumize kugulu lokhala ndi alamu ake. Kutsogolera gulu n'kovutanso kuposa kucheza ndi munthu mmodzi, pakuti wotsogolera ayenera kuletsa wolankhula kwambiri popanda kumuchititsa manyazi, n'kumukoka wa phee uja amene wakhala kumapeto kwa mkeka. Ndiye palinso nyengo: gulu limene layamba mvula itagwa limatha lokha, chifukwa anthu ali kumunda. Tiyeneranso kukumbukira kuti kafukufuku wina wa pambuyo pake pakati pa atsikana achichepere ku Uganda komweko anapeza phindu lochepa limene linazilala patapita nthawi, choncho zimene zinaoneka kwa akuluakulu a ku Rakai tisaziyembekezere kwa aliyense.

PM+ ndi ya WHO, inatuluka mu 2016, ndipo inayesedwa ku Peshawar m'dziko la Pakistan ndi ku Nairobi pakati pa amayi amene anachitiridwapo nkhanza. Ili ndi misonkhano isanu ya mphindi 90, kamodzi pasabata. Imatenga njira yothetsera mavuto yofanana ndi ya pabenchi n'kuwonjezerapo zitatu: kupuma pang'onopang'ono pofuna kutsitsa mtima, kuyambiranso ntchito zazing'ono zimene munthu anazisiya, ndi kulimbitsa ubale ndi anthu amene angamuthandize. Zowonjezerazi ndi zofunika kwa munthu amene vuto lake lilibe yankho lapafupi, monga amene nyumba yake inakokoloka ndi madzi, kapena amene wafika pongogona tsiku lonse osasesa ngakhale pakhomo. Buku lake limalongosola chochita pamsonkhano uliwonse, zimene zimathandiza wongoyamba kumene, ngakhale ena amagwa m'chizolowezi chowerengera munthu m'malo momumvetsera. Mphindi 90 ndi zambiri pachipatala pamene mzere wafika panja, n'chifukwa chake ambiri amakonda PM+ ya m'gulu, monga inagwiritsidwira ntchito ku Neno pamodzi ndi mankhwala, m'zipatala zosamalira odwala matenda okhalitsa.

Pali malire amodzi amene njira zonse zitatu zili nawo. Palibe imene inapangidwira munthu amene wakonza kale zodzipha, amene akumva mawu amene ena sakuwamva, kapena amene mowa wamulowerera kwambiri. Ngati mukugwiritsa ntchito mafunso asanu ndi anayi oyezera matenda a kukhumudwa otchedwa PHQ-9, amene alipo m'Chichewa, funso lomaliza limafunsa za maganizo ofuna kufa, ndipo wodzipereka aliyense ayenera kudziwa, asanakumane ndi munthu woyamba, dzina ndi nambala ya namwino kapena kiliniko ofesala wa za maganizo wa paboma amene angamuimbire tsiku lomwelo. Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu zili kutali ndi midzi yambiri, kotero njira yofikira kumeneko iyenera kukonzedwa pasadakhale, kuphatikizapo ndalama ya thiransipoti.

Kwa ine, pachipatala pamene anthu amabwera mmodzimmodzi kudzalandira mankhwala kapena kusikelo, benchi ndiyo ndingayambe nayo, chifukwa imasunga chinsinsi ndipo imalowa bwino m'tsiku limene munthuyo wabwera kale. Kumene kwagwa tsoka lokhudza mudzi wonse ndingasankhe PM+, ndipo gulu la IPT ndingalisungire amasiye ndi osungulumwa, m'miyezi ya chilimwe, nditaonetsetsa kuti apachibale sali m'gulu limodzi. Koma ndikanapatsidwa ndalama zochepa, sindikanazithera pa maphunziro a kuhotela. M'mafukufuku aja a njira zonse zitatu, opereka uphungu anali ndi owayang'anira amene ankakumana nawo pafupipafupi, ndipo gawo limeneli ndilo limayamba kudulidwa bajeti ikachepa. WHO ndi UNICEF anakonza njira yotchedwa EQUIP, imene woyang'anira amaonerera wophunzira akuchita sewero la uphungu n'kumuyeza ngati akumvetsera, ngati akusunga chinsinsi, ndi ngati akufunsa za kudzipha mosazungulira. Mayi wa pabenchi uja anasintha pambuyo pa kukambirana kwa ola limodzi ndi womuyang'anira, ndipo ola limenelo, pamodzi ndi mafuta a njinga yamoto yofikira kumene iye ali, ndi limene ndimapempha kuti lilembedwe pamzere woyamba wa bajeti.