Kusiyana kwa mawu a Chingerezi akuti "test" ndi "sample"

Mawu awiriwa amamveka limodzi kawirikawiri kuchipatala, moti anthu ambiri amawasokoneza, koma ntchito zawo n'zosiyana. Liwu lakuti "sample" limatanthauza kagawo kochepa kamene katengedwa kuti kaimire chinthu chonse, pamene "test" ndi ntchito yofufuza imene imachitika pa kagawoko. Namwino akakubayani chala n'kutenga kadontho ka magazi, kadonthoko ndiye "sample", ndipo akakadontheza pa kachipangizo koyezera malungo n'kudikira mphindi 15 mpaka 20 kuti mizere ioneke, apo ndiye kuti wachita "test".

Liwu lakuti "test" silivuta kwenikweni, chifukwa m'Chichewa timati kuyeza kapena kuyesa, ndipo mayeso a m'kalasi alinso momwemo.

Lovuta ndi "sample", pakuti kungolimasulira kuti chitsanzo sikukwanira. Mayi amene amalawa msuzi pa chipande asanapakule ndiwo, kapena wogula chimanga amene amapisa dzanja mkati mwa thumba kuti aone ngati sichinafumbwe, akugwiritsa ntchito nzeru yomweyi. Kalembera wa mu 2018 anawerenga munthu aliyense m'Malawi ndipo anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, pamene kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anangosankha mabanja ena kuti aimire dziko lonse. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ophunzira ambiri amaika mtima pa "test" yokha, kuiwala kuti wogula amene wangoona chimanga cha pamwamba akhoza kupita kwawo ndi thumba lodzaza anankafumbwe.