Ma flash a 128GB a R120 aja ndi abodza, koma mtsikana wokonza makompyuta pashopupo ntchito amaidziwa

Ndikunena kashopu kaja ka mnzathu wa kwathu pafupi ndi Park Station ku Johannesburg, komwe anthu amathamangirako kukagula chaja kapena flash basi ya ku Blantyre isananyamuke. Ma flash awo a 128GB a R120 musawagule.

Ntchito inali yotumiza kumudzi kanema wa chinkhoswe wa 21GB, wopanikizidwa mu RAR (mtundu wa failo yopanikiza zinthu) n'kudulidwa zidutswa 11, chilichonse cha 2GB kupatula chomaliza. Kukopera kunayenda popanda dandaulo. Zidutswa zonse zinkaoneka pa flash, mayina ndi kukula kwake zili bwinobwino. Pomasula, pulogalamu ya WinRAR inadutsa part01 mpaka part07, koma itafika pa part08 inaima n'kulemba "Checksum error". 7-Zip, pulogalamu ina yomasulira, nayo inakana. Uthenga umenewu tanthauzo lake ndi limodzi. Popanikiza failo, pulogalamu imawerengera nambala kuchokera pa zomwe zili mkatimo n'kuisunga, ndipo pomasula imawerengeranso. Nambala ziwirizo zikasiyana, ndiye kuti zamkati zasintha penapake. Zidutswa zomwezo za pa laputopu zinadutsa Test popanda cholakwa, choncho malo amene zinasinthira anali odziwikiratu.

Mwini shopu sanafune kumva zimenezo. Poyamba anati, "Achimwene, WinRAR yanuyo yatha masiku, tikuikirani ina pa R50." Limenelo ndi bodza. Masiku 40 oyeserera akatha, WinRAR imangotulutsa kauthenga kokukumbutsani kulipira, siyiwononga failo, komanso 7-Zip ndi yaulere ndipo ilibe masiku. Nditamuuza choncho anasintha nyimbo n'kunena kuti ndi vayirasi. Kenako analoza chikwangwani chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa, ngati kuti lamulo la ku South Africa loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, kulibe, pomwe gawo 56 limalola wogula kubweza chinthu chosagwira ntchito pasanathe miyezi 6 n'kusankha yekha kuti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Chondiwawa kwambiri n'chakuti munthuyu amayankhula Chichewa chathu chomwechi. Amadziwa kuti flash imeneyi ikwera basi, idutsa Beitbridge, Tete mpaka Mwanza, ndipo vuto lidzadziwika abale atasonkhana kale kuti aonere, wogulayo ali kuno ku Johannesburg.

Chinyengo chake n'chosavuta kumvetsa. Mkati mwa flash muli kachipangizo kamene kamauza kompyuta kukula kwa malo. Achinyengo amakasintha kuti kazinena 128GB pomwe malo enieni ndi 8GB kapena 16GB. Mukalemba kupyola malo enieniwo, mndandanda wa mayina umapitiriza kulembedwa koma zamkati zimatayika kapena zimalembedwa pamwamba pa zakale. N'chifukwa chake wogulitsa akaikapo nyimbo zitatu n'kukuimbirani, zonse zimaoneka zabwino. Choyesera chake ndi H2testw, kapulogalamu kaulere kamene kamadzaza flash yonse ndi mafailo kenako n'kuwawerenga. Pa flash iyi kanapeza 14.6GB yabwino, ina yonse yotayika. Zidutswa 7 za 2GB zimakwana 14GB, ndiye cha 8 chinagwera pamalire penipeni.

Mtima unayamba kutsika pamene mtsikana amene amakonza makompyuta kuseri kwa kauntala anatenga nkhaniyo. Sanathamangire kuteteza abwana ake, sanathamangirenso kundivomereza. Anati, "Achimwene, tiyeni tichotse kaye zina zonse zimene zimabweretsa vuto ngati limeneli." Anaona ngati zidutswa zonse zili m'foda imodzi ndiponso ngati palibe dzina limene laonjezeredwa nambala kumapeto, monga zimachitikira munthu akatsitsa failo imodzi kawiri pa intaneti, chifukwa dzina likasiyana pang'ono pulogalamu imafunsa chidutswa chimene chili pomwepo. Anafananiza kukula kwake, popeza chidutswa chimene chinadukira panjira, kaya magetsi anazima kaya data inatha, chimakhala chochepa kuposa zinzake ndipo chimatulutsa "Unexpected end of archive". Anayang'ananso zaka za WinRAR, chifukwa mtundu wa RAR5 unabwera ndi WinRAR 5.0 mu 2013 ndipo ma 4.x amene akadali m'makompyuta akale ambiri sautsegula. Zonsezi zitakhala bwino, ndi pamene anayendetsa yekha H2testw n'kuonetsa abwana ake zotsatira.

Anapezanso chinthu china chimene chikanavuta ngakhale flash ikanakhala yeniyeni. Inabwera ili pa FAT32, imodzi mwa njira zimene flash imasungira mafailo, ndipo FAT32 silandira failo imodzi yoposa 4GB. Zidutswa za 2GB zimalowa, koma kumasulira kanema wamkulu pa flash yomweyo kukanaima pa 4GB ngati kuti malo atha. Mankhwala ake ndi kuisinthira ku njira ya exFAT kapena NTFS, ngakhale ma TV ena akale sawerenga exFAT, ndiye funsani kaye chimene akaonerepo kumudziko. Anachenjezanso za kukoka failo ndi mbewa kuchokera m'windo la WinRAR. Mukatero imayamba yamasulidwira m'foda ya Temp pa C, ndipo C ikakhala yodzaza ntchito imaima ngakhale kumene mukuikako kuli malo ambiri. Dinani Extract To n'kusankha malo mwachindunji. Mayina a mafoda akatalika kupyola zilembo 260, Windows imatulutsa uthenga wa vuto wa 0x80010135, ndipo kumasulira m'foda ya dzina lalifupi pa C penipeni kumathetsa zimenezo.

Batani la Repair la mu WinRAR anthu amalikhulupirira mopitirira. Limathandiza kwenikweni ngati wopanikizayo anaikamo recovery record, kagawo koonjezera kokonzera failo ikawonongeka, mwina 3 kapena 5 peresenti, ndipo limangosoka pong'ambika pang'ono. Zidutswa zitatu zimene sizinalembedwe n'komwe, ndi cha 8 chija chimene chinalembedwa pang'ono chabe, silingazibweze. Kuchonga "Keep broken files" kumakusungirani gawo limene latuluka, ndipo kanema wina amaseweredwa mpaka pamene panadukirapo, wina samatseguka n'komwe.

Pamapeto pake anandisinthira ndi ya 32GB, ine n'kuonjezera R40 imene mwini shopu anaumirira. Mtsikanayo anaiyesa yonse ndi H2testw ine ndikuona, anaiika pa exFAT, anakoperanso zidutswa 11 zija, anaichotsa bwino n'kuilowetsanso, kenako anayendetsa Test kuchokera pa flash yomweyo. Kuichotsa n'kuilowetsanso n'kofunika, chifukwa popanda kutero kompyuta ikhoza kuwerenga zimene yangosunga m'memori yake m'malo mowerenga pa flash. Zonse zinadutsa. Zinatenga pafupifupi maola awiri ndipo sanalipiritse kanthu pa ntchitoyo.

Ndapereka nyenyezi 2 mwa 5, ndipo zonse ziwiri ndi za mtsikanayo. Laputopu ikamavuta kapena zip ikamakana kutseguka, pitani mukafunse iyeyo. Ma flash a R120 aja akadali pakauntala, ndiye amene munagula kale koperani zinthu zanu kwina lero, muyendetse H2testw musanapereke flashiyo kwa kondakitala.