Zoo yoyenda pansi kapena paki yolowa ndi galimoto: ana aang'ono angakwanitse iti pa ulendo wautali?

Makolo ambiri akamakonza ulendo wa pagalimoto wokaonetsa ana nyama, amayamba ndi kuwerenga mayina a nyamazo: kuno kuli njovu, uko kuli zipembere, kwinako kuli mvuu. Ine ndikuti, makolo anzanga, yambani ndi funso lina. Pamalo pamenepo mwana akayenda ndi miyendo yake, kapena akakhalabe womangidwa pampando? Malo oonetserako nyama ali pawiri. Pali zoo imene mumasiya galimoto panja n'kulowa wapansi, ndiye pali paki imene mumalowa ndi galimoto yanu yomweyo, nyama zikuyendayenda momasuka, inu muli mkati mawindo ali chitsekere. Kwa munthu wamkulu zonsezi n'zokoma. Koma kwa mwana wa zaka 2 kapena 4 amene wakhala kale maola angapo pamsewu, kusiyana kwake n'kwakukulu zedi.

Tiyambe ndi paki yolowa ndi galimoto, poti ndi imene imakopa kwambiri anthu a paulendo. Yoyamba kunja kwa Africa inali ya Longleat ku Wiltshire, m'dziko la England, imene inatsegulidwa mu 1966 ndipo inatchuka ndi mikango. Chaka chotsatira, mu 1967, ku Florida kunatsegulidwa Lion Country Safari, ndipo kuchokera pamenepo mapaki otere anafalikira m'mayiko ambiri. Ubwino wake suvuta kuuona. Nyama zimakhala ndi malo otakasuka, ndipo zina zimabwera pafupi kwambiri. Mbidzi ikaima pambali pa chitseko, mwana amaona nsidze zake, amaona khungu likunjenjemera pofuna kuingitsa ntchentche, amamva ngakhale kupuma kwake. Zimenezi simungazione mutaima kuseri kwa mpanda. Kukagwa mvula, ulendo suima. Khanda likagona, simulidzutsa. Ngati mwatenga agogo amene miyendo imawavuta, nawonso amaona zonse popanda wowadikira. Ndipo palibe amene amanyamula mwana paphewa mpaka msana kuwawa.

Komabe taganizirani mmene mwana amakhalira m'galimoto. Mpando wake uli kumbuyo, iye ndi wamfupi, ndipo windo limayambira chapamutu pake. Mkango utagona m'maudzu, bambo amene ali kutsogolo akuuona bwinobwino, pamene mwana akungoona nthambi za mitengo ndi mitambo. Wamng'ono amene mpando wake umayang'ana kumbuyo, monga mmene zimafunikira kwa makanda, ndiye saona kalikonse mpaka nyamayo itapitirira. Muli ndi ana awiri? Nyama ikatulukira kumanzere, wa kumanja amalira. Apa m'pamene makolo ambiri amamasula malamba kuti ana aimirire pampando, poganiza kuti galimoto ikuyenda pang'onopang'ono. Koma galimoto ya patsogolo imatha kuima mwadzidzidzi chifukwa cha gwape amene wadumphira pamsewu, ndipo mwana woimirira amakagunda mutu.

Vuto lalikulu koposa ndi chimbudzi. Mukalowa m'chigawo cha mikango, zipata zimatsekedwa kumbuyo kwanu, ndipo simutuluka m'galimoto mpaka mutamaliza. Pa tsiku la tchuthi magalimoto amandondozana, ndipo njira imene munkaiyesa ya ola limodzi imatha kudya maola awiri kapena kuposa. Mwana amene wangosiya kumene matewera sadziwa kudikira. Akati "ndikufuna kukodza", ndiye kuti nthawi yakwana kale. Lamulo losatuluka si lamasewera ayi. Mu 2018, ku paki ya Beekse Bergen m'dziko la Netherlands, banja lina la ku France linatuluka m'galimoto ndi mwana wamng'ono m'chigawo cha nyama zotchedwa cheetah, ndipo nyamazo zinawathamangira. Anapulumuka, koma kanema wake anaonetsa dziko lonse kuti zinthu zikanatha kuipa m'kanthawi kochepa. Onjezani kuti mawindo amakhala otseka pamalo ambiri, choncho galimoto yopanda choziziritsa mpweya imasanduka ng'anjo dzuwa likakwera, pamene thupi la mwana limatentha msanga kuposa la wamkulu. Kuima ndi kunyamuka kosatha kumachititsanso nseru, makamaka kwa ana a zaka zoyambira 2 mpaka 12, amene ndiwo amavutika kwambiri ndi chizungulire cha m'galimoto. Za anyani ndingotchula mwachidule: a ku Longleat amadziwika ndi kuzula mawaipa ndi timphira ta m'mawindo, n'chifukwa chake pali njira yolambalala chigawo chawo. Ngati galimoto ndi yobwereka, lambalalani.

Mfundo imene ndimaiona kuti ndi yaikulu pa zonsezi ndi iyi: pa ulendo wa pamsewu, paki yolowa ndi galimoto ndi kupitiriza kwa msewu womwewo. Mwana wakhala pampando kuyambira m'mawa, mwamuuza kuti "tatsala pang'ono kufika", mwafikadi, ndiye mukumuuzanso kuti akhale pompo maola ena awiri. Madokotala ambiri amalangiza kuti khanda lisakhale pampando wa m'galimoto kupitirira maola awiri osalitulutsa. Mwana wokulirapo thupi lake lingapirire, koma mtima wake supirira.

Zoo yoyenda pansi ndi yakale kwambiri. Ya ku Schönbrunn mumzinda wa Vienna inayamba mu 1752 ndipo ikugwirabe ntchito, ya ku London inatsegulidwa mu 1828. Anthu ena akamva mawu akuti zoo amaganiza za zitsulo ndi simenti, koma zinthu zinayamba kusintha mu 1907 pamene Carl Hagenbeck anatsegula paki yake ku Hamburg, momwe nyama ndi anthu ankalekanitsidwa ndi maenje m'malo mwa zitsulo. Masiku ano mazoo abwino amaika magalasi aakulu ofika pansi penipeni, moti mwana wongoyamba kuyenda amaima yekha n'kuyang'anizana ndi nyama maso ndi maso, popanda womunyamula.

Chimene zoo yotere imapatsa mwana ndi ufulu woyenda pa liwiro lake. Ana aang'ono sachita chidwi ndi zimene ife timachita nazo chidwi. Inu mukuthamangira kwa njovu, iye waima pa dziwe akuyang'ana bakha amene akumiza mutu m'madzi, mchira uli m'mwamba. Amaseka, bakha akavuuka amawomba m'manja, ndipo amafuna kuonanso kachiwiri, kachitatu. Musamukoke. Chimene mwabwerera n'chomwecho, kuti mwana aone chamoyo n'kuchita nacho chidwi. M'galimoto simungaime pamalo amodzi mphindi 20 pamene ena akudikira kumbuyo kwanu, koma wapansi mukhoza. Chimbudzi chili pafupi, malo osinthira matewera alipo, mthunzi ndi mabenchi zilipo, ndipo mazoo ambiri ali ndi bwalo la masewera lomwe limapulumutsa tsiku mwana akatopa ndi kuyang'ana. Mukapeza mkango uli m'tulo, zomwe zimachitika kawirikawiri poti mkango umatha kupuma maola okwana 20 pa tsiku, mukhoza kubwereranso pa nthawi yodyetsa. Nthawi zimenezi zimalembedwa pachipata kapena pa mapu amene amakupatsani, ndipo ndi bwino kukonza tsiku lanu motsatira ziwiri zokha mwa izo.

Kuipa kwa zoo yoyenda pansi ndi kutopa, ndipo apa kukula kwa malo n'kofunika kuposa kutchuka kwake. Mumzinda wa New York muli zitsanzo ziwiri zosiyana kwambiri: Bronx Zoo ili ndi maekala 265, pamene Central Park Zoo siifika ngakhale maekala 7. Kwa mwana wa zaka 3, yaing'onoyo imatha m'maola awiri iye akadali wosangalala, pamene yaikuluyo simungaimalize tsiku limodzi ngakhale mutakhala akuluakulu okhaokha. San Diego Zoo, imene inayamba mu 1916, ili ndi maekala 100 koma ndi ya zitunda ndi zigwa, moti kukankha chikuku cha mwana kumeneko ndi ntchito ndithu. N'chifukwa chake kuli basi yozungulira ndi tingolo toyenda pa chingwe m'mwamba. Ya ku Pretoria, ya mu 1899, ili ndi mahekitala 85. Malo otere si oipa, koma muwalowe mutasankhiratu zigawo zitatu kapena zinayi, zotsalazo n'kuzisiya osadandaula. Chikuku tengani ngakhale mwana akunena kuti ndi wamkulu. Pofika masana adzachifuna, ndipo akapanda kuchifuna chidzanyamula madzi ndi zovala. Pagulu la anthu ambiri mwana amasowa m'kuphethira kwa diso, choncho mulembeni nambala ya foni yanu pa kapepala ka m'thumba kapena pa mkono, ndipo m'mawa mumujambule kuti mukhale ndi chithunzi cha zovala zimene wavala tsikulo.

Chigawo chogwira nyama, momwe ana amasisita mbuzi ndi nkhosa, nthawi zambiri ndi chimene amachikumbukira kwambiri, ndipo chimapezeka kumbali yoyenda pansi. Chili ndi ngozi yake imene sioneka. Nyama zooneka zathanzi zimatha kukhala ndi tizilombo ta E. coli ndi Salmonella, ndipo ana osakwana zaka 5 ndi amene amadwala kwambiri chifukwa zala zawo sizichedwa kulowa m'kamwa. Sambitsani manja ndi sopo ndi madzi mukangotuluka, musalowe ndi botolo la mkaka kapena chakudya, ndipo ana a msinkhu umenewu asagwire anapiye, abuluzi, akamba ndi achule.

Samalaninso ndi dzina. Si malo onse otchedwa safari amene amalola galimoto yanu. San Diego Zoo Safari Park, imene inatsegulidwa mu 1972 pafupi ndi Escondido ndipo ili ndi maekala 1,800, mumaiona wapansi ndi pa ngolo zawo. Banja limene lapita likuyembekezera kukhala m'galimoto limapezeka likuyenda mtunda wautali padzuwa. Werengani za malowo musananyamuke, ndipo onani ngati ali m'mabungwe amene amayendera kasamalidwe ka nyama, monga AZA ku America, EAZA ku Ulaya, kapena PAAZA mu Africa. M'mbali mwa misewu ikuluikulu mumakhala timalo tambiri toitanira anthu kuti adzajambulitse atanyamula ana a mikango. Kumeneko musapiteko. Ana a mikango amenewo amachotsedwa kwa amayi awo akadali aang'ono, ndipo mwana wanu amaphunzira kuti nyama yakutchire ndi chidole.

Kusankha pakati pa mitundu iwiriyi kumakhudzanso mmene ulendo wonse uyalidwire. Ena amakonda kundandalika mazoo anayi kapena asanu, tsiku lililonse mzinda wina ndi malo ogona ena. Ana a zaka 8 kupita m'tsogolo angakonde zimenezo. Aang'ono ayi. Pofika zoo yachitatu, nyamalikiti zonse zimafanana, ndipo kugona malo achilendo usiku uliwonse kumasokoneza tulo, tulo tikasokonekera zonse zimasokonekera. Njira imene ndimaivomereza ndi kupeza malo amodzi ogona, pomwe pali malo awiri a nyama osiyana, n'kuika tsiku lopuma pakati. Mizinda ingapo inakhala ngati inakonzedwera zimenezi. London Zoo, ya maekala 36, ili ndi mnzake Whipsnade wa maekala 600, amene anatsegulidwa mu 1931 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndipo njovu za ku London zinasamutsidwira kumeneko mu 2001. Berlin ili ndi zoo ya mu 1844 komanso paki ya nyama yotchedwa Tierpark ya mu 1955. Mazoo a ku Johannesburg ndi ku Pretoria atalikirana ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Ngati malo awiriwo ali pansi pa bungwe limodzi, funsani za tikiti ya chaka chonse, chifukwa nthawi zina imabweza ndalama zake pa maulendo awiri kapena atatu okha. Ubwino wake wina ngwakuti mwana akayamba kuvuta masana, mumatuluka osamva kuwawa kuti tikiti yapita pachabe.

Ndiye ngati mwana wanu wamng'ono sanakwanitse zaka 4, ndipo kuti mufike pamafunika maola ambiri pamsewu, sankhani zoo yoyenda pansi, yaing'ono kapena yapakatikati. Paki yolowa ndi galimoto iyenera ana amene atalika mokwanira kuona pawindo ali chimangire lamba, amene angathe kudikira chimbudzi, ndiponso masiku a mvula kapena ozizira. Mapaki ambiri otere, kuphatikizapo Longleat ndi Beekse Bergen, ali ndi mbali zonse ziwiri, ndipo apa chofunika ndi kudziwa poyambira. Ngati mwagona pafupi, lowani ndi galimoto chipata chikangotsegulidwa, nyama zisanabisale kumthunzi ndiponso magalimoto asanachuluke, kenako muyende pansi. Ngati mwachokera kutali tsiku lomwelo, yambani ndi kuyenda pansi kuti ana awongole miyendo, adye, apite kuchimbudzi, ndipo mbali ya galimoto muilowe chakumadzulo dzuwa litapepa. Musanalowe, funsani pachipata nthawi imene galimoto yomaliza imaloledwa, chifukwa kawirikawiri mbali imeneyi imatsekedwa msanga kuposa paki yonse.