Kathebulo kodyerapo agalu: nkhalamba kayithandiza, koma wamng'onoyu ndamubwezera pansi

Nyenyezi 3 mwa 5.

Papita miyezi 8 chigulireni kathebulo kachitsulo kokhala ndi mabowo awiri okhazikamo mbale. Anakawotcherera ndi mmisiri wina wa pa boma pompano pa Mangochi, kutalika kwake masentimita 30, ndipo mbale zake zosachita dzimbiri ndinachita kuitanitsa ku Blantyre. Pakhomo panga pali agalu awiri akuluakulu: Chitedze, Rottweiler wa zaka 9, ndi Namondwe, wosakanizika ndi Boerboel, wa zaka 2.

Kwa Chitedze, ndalama yanga sinapite pachabe. Miyendo yakutsogolo ndi khosi zinayamba kumuvuta, moti ankadya chogona, nsima ya madeya ndi usipa zili mbwee pakhonde. Pano amadya ataimirira mpaka mbale kuyera. Nkhuku ndi abakha zasiya kuponda m'chakudya, ndipo nyerere ndinathana nazo poika miyendo ya kathebuloko m'tizitini ta madzi. Amene amakhala kuno akudziwa mmene nyerere zimavutira kukatentha mu Okutobala.

Kumene ndinalakwitsa ndi kwa Namondwe. Ndinkaganiza kuti galu wamtali akamawerama podya amameza mpweya wambiri, ndiye kumukwezera mbale ndi kumuteteza. Tsiku la katemera wa chiwewe, dokotala wa ziweto atakaona kathebuloko anandifunsa kuti, "Bambo, wamng'onoyu akudwala chiyani kuti muzimukwezera mbale?" Nditayankha kuti ali bwinobwino, anandikhazika pansi n'kundifotokozera za matenda otchedwa GDV.

Chifu cha galu chimadzaza mpweya, kenako n'kupotokoka ngati thumba lomangidwa kukamwa. Mpweya sutuluka, magazi sayenda bwino, ndipo galu amatha kufa m'maola ochepa ngati sanamuchite opaleshoni. Matendawa amagwira kwambiri agalu aakulu a chifuwa chozama, makamaka Great Dane. Usiku womwewo ndinafufuza pa intaneti. Kafukufuku wa ku Purdue University ku America, wotsogoleredwa ndi Lawrence Glickman, amene anatuluka m'chaka cha 2000, anatsatira agalu oposa 1,600 a mitundu 11, kuphatikizapo Rottweiler. Anapeza kuti agalu odyera m'mbale zokwezeka ankadwala GDV kuposa anzawo odyera pansi. Mwa agalu aakulu odwalawo, pafupifupi 20 pa 100 alionse vutolo linkakhudzana ndi mbale yokwezeka, ndipo mwa zimphona zenizeni anali 52 pa 100. Kukalamba, kudya mwaphuma komanso kukhala ndi kholo kapena m'bale amene anadwalapo zimawonjezeranso chiopsezo.

Kafukufukuyu sanatsimikize kuti mbaleyo payokha ndiyo imapotokola chifu, anangoona kuti ziwirizi zikuyendera limodzi. Koma ine mtima unagunda. Namondwe satafuna, amangomeza ngati wina amulanda. Ndiye taganizani chifu chipotokoke pakati pa usiku kuno ku Mangochi, opaleshoni yotere n'kukaifuna ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ulendo wa maola angapo. Angafike wamoyo? M'mawa mwake mbale yake inabwerera pansi. Ndimamugawira chakudya kawiri patsiku m'malo mwa kamodzi, ndinaika mwala waukulu wosalala pakati pa mbale kuti azidya mozungulira pang'onopang'ono, ndipo akangodya sindimulola kuthamangathamanga ndi ana.

Za Chitedze tinakambirana nthawi yaitali ndi adokotala, chifukwa ukalamba wake ukumuikanso pachiopsezo. Tinagwirizana kuti apitirize, popeza pansi sankadya mokwanira ndipo anayamba kuonda, koma tinadula miyendo ya kathebuloko kuti katsikeko. Alonda anga ndinawauza zizindikiro zoti akaziona andidzutse nthawi iliyonse: mimba yotupa yolimba ngati ng'oma, kufuna kusanza koma osatuluka kanthu, dovu lambiri, ndi kusowa mtendere.

Kapangidwe kake nakonso kali ndi zofooka. Penti inayamba kusupuka mvula itangoyamba, ndipo dzimbiri lagwira m'malo owotcherera. Mabowo anakula pang'ono, mbale zimalira gobedegobede galu akamanyambita, mpaka ndinakulungiza mphira wa chubu cha njinga m'mbali mwake. Mukakasiya padzuwa, madzi amafunda msanga ndipo agalu amawakana.

Chimene chandiwawa n'chakuti zinthu zimenezi zimagulitsidwa ngati zofunika kwa galu wamkulu aliyense, popanda chenjezo ngakhale limodzi. Ngati wanu ndi wokalamba, ali ndi nyamakazi kapena vuto la kummero lomubwezetsa chakudya, funsani adokotala za kutalika koyenera musanapite kwa mmisiri. Ngati ndi wathanzi ndiponso wadyera ngati Namondwe, ndalamayo muguleni mbale yolemera yosagubuduka, muiike pansi pamthunzi.