Kalasi ya rabbi ya pa Zoom ija, miyezi inayi tsopano, nayi mmene ndaionera

Anthu angapo akhala akundifunsa za kalasi ija ndimalowa Lachitatu madzulo, ena mpaka kufunsa madamu ngati ndasiya tchalitchi, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Tchalitchi sindinasiye, ndikadali mlembi wa komiti ya chitukuko ngati kale. Kungoti kuyambira August ndakhala ndikulowa kalasi ya pa Zoom imene amaphunzitsa rabbi wina wa ku Johannesburg. Anandilumikiza ndi msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Joni komweko pashopu ya Myuda wina, abwana akewo amapemphera kusunagoge kwa rabbiyo. Dzina la rabbiyo sinditchula poti sindinawapemphe, wofuna link andipeze pambali.

Ndiyambe ndi ndalama poti ife a Malawi timafunsa zimenezo kaye. Ndi ma rand 150 pamwezi. Khadi yanga ya kubanki inakana kulipira kunja, nkhani ya foreksi mukuidziwa kale, nde msuweni amalipira uko ine nkutumiza makwacha kwa mayi ake ku Bangwe pafoni. Kuonjezera apo bandulo, ola ndi theka pa Zoom imadya ndithu, ndinachita kuphunzira kuzimitsa kamera. Ubwino wake nthawi ya Joni ndi ya kuno ndi imodzi, 7:30 yawo ndi 7:30 yathu, nde ndikaweruka ku Ginnery Corner nkupeza minibasi ya Chilomoni mwachangu ndimafika nkusamba nkudya bwinobwino. Tsiku limene mzere wa minibasi watalika ndimayambira kalasi pa stage ndi ma earphone.

Ndinalowa ndi maganizo olakwika, ndiulule. Ndinkaganiza kuti tikaphunzira Chiheberi chozama, zinsinsi za manambala, mwina kutimasulira Danieli ndi nyanga zake zija. Ayi ndithu. Rabbi si mneneri, si wansembenso, mawuwo amatanthauza mphunzitsi basi, ndipo amalembedwa ntchito ndi komiti ya sunagoge ngati mmene mungalembere hedi wa sukulu. Mabuku asanu a Mose iwo anawagawa m'zigawo 54, amawerenga chigawo sabata iliyonse mpaka chaka kutha nkuyambiranso ku Genesis, nde kalasi imayamba ndi chigawo cha sabata imeneyo mwina maminitsi 20, nthawi yotsalayo amangokamba zimene zachitika kusunagoge kwawo sabata imeneyo. Wina wakwiya chifukwa mlendo wakhala pampando wake. Amayi awiri sakuyankhulana chifukwa cha amene akonze zakudya za pambuyo pa mapemphero a Sabata. A komiti akuti ulaliki ukutalika. Tsiku loyamba ndinaseka ndekha pabalaza mpaka madamu kubwera kudzaona, ndinati awa akukamba za tchalitchi chathu awa, angosintha mayina.

Nkhani imene inandigwira koyamba ndi ya anthu khumi. Kwa Ayuda mapemphero ena satheka pokhapokha pakhale akuluakulu 10, amati minyan, ndipo pemphero limene munthu amanena akamalira kholo lake, Kaddish, lili m'gulu limenelo, amalinena tsiku ndi tsiku miyezi 11. Nde rabbi amakamba za mmawa wina wa chisanu cha ku Joni, anthu alipo 9, mmodzi mwa iwo bambo ake angomwalira kumene, aliyense akungoyang'ana kuchitseko. Anaimbira foni madala ena opuma pantchito amene sabisa kuti za chikhulupiriro iwo ndi apakatikati, madalawo nkubwera ndi jekete pamwamba pa zovala zogonera kudzakhala wachikhumi. Rabbi sanawatamande kwambiri, sanawadzudzulenso, anangoti mmawa umenewo popanda madala aja mnzawo sakanapemphera. Ine ndinakumbukira bambo ena a kwathu amene timawanena kuti ndi akhristu a pa maliro, Lamulungu sawoneka, koma zovuta zikagwa ndi iwo amayamba kufika kudzamanga tenti ndi kunyamula mabenchi. Ndakhala ndikuwanena zaka zingati kaya.

Ndinalowa pa nthawi yabwino mosadziwa. August ndi September ndi pamene pamagwera mwezi wawo wa Elul, mwezi wodzikonza chisanafike chaka chawo chatsopano ndi Yom Kippur, tsiku la chitetezo lija la pa Levitiko 16, limene amasala maola pafupifupi 25 osadya osamwa olo madzi. Chimene sindinkadziwa ndi ichi, malamulo awo akale amati tsiku limenelo limafafaniza zimene walakwira Mulungu, koma zimene walakwira mnzako silifafaniza mpaka upite kwa mwini wake ukapepese, akakana ubwererenso, mpaka katatu. Rabbi anatipatsa homuweki, aliyense alembe dzina limodzi lokha. Ine dzina linabwera lokha ndisanagwire cholembera. A msungichuma athu a komiti, ndinawanena pamitingi chaka chatha kuti malisiti a simenti sakugwirizana, pamaso pa anthu, kenako zinapezeka kuti ndinawonkhetsa molakwika ndine, ndipo ine wa akawunti. Ndinkangoti ndinalapa kale m'pemphero, zatha. Loweruka lina ndinakwera kabaza mpaka kwawo, ndinawapeza akutsuka galimoto. Ndinati akulu, ndabwera za simenti zija, ndinakuchititsani manyazi pagulu pamene wolakwa ndinali ine. Anapitiriza kutsuka tayala kanthawi ndithu osandiyang'ana, kenako anati mlembi, munanena pagulu, mukabwezenso pagulu. Ndinabwerera ndi mtima wowawa, ndinkayembekeza kuti atero basi zatha achimwene, tamwani tiyi. Koma ananena zoona, mitingi yotsatira ndinaimirira pa AOB nkunena. Panopa timapatsana moni bwino, sindinganene kuti tabwerera mwakale.

Koma chimene chandikwanira ndalama yonse ndi kalasi ya za maliro. Iwo akaika munthu m'manda, anamfedwa amakhala pakhomo masiku 7, amati shiva, amakhala pamipando yaifupi, magalasi odziyang'anira amaphimba, anthu nkumabwera kudzakhuza ndi zakudya. Lamulo lake ndi lakuti wobwera kudzapepesa asayambe kuyankhula, adikire namfedwa ayambe yekha, akafuna kukamba za malemu mukambe za malemu, akafuna za mpira mukambe za mpira, akakhala chete inunso chete. Amachitenga pa Yobu 2:13, anzake atatu aja anakhala naye pansi masiku 7 osanena kanthu, ndipo woyamba kutsegula pakamwa anali Yobu mwini wake. Vesi imeneyi ndaiwerenga kangati ine, ndinali ndisanaonepo zimenezo. Rabbi anaulula yekha kuti ali wachinyamata ankalowa m'nyumba ya maliro atakonzekeratu mawu, chifukwa chete ankamuopa iyeyo osati anamfedwa.

Patangotha masabata awiri aneba athu mwana wawo wa Fomu 3 anamwalira, anangodwala masiku ochepa. Ife kukhuza maliro timatha, pamenepo palibe angatiphunzitse, kugona pasiwa, makwaya usiku wonse, amayi kuphika, chipepeso, zonse. Vuto lathu ndi pakamwa komanso kuti tikachoka kumanda aliyense amabalalika. Ine ndemwe ndikanafika ndi zija za limbani mtima, chinali chifuniro cha Mulungu, wapita kukapuma. Tsiku lachitatu chiikireni maliro, tenti atachotsa, abale atabwerera kumudzi, ndinapita madzulo nkuwapeza bambowo pakhonde okha. Ndinakhala pa kampando kenako osanena kanthu, ndikuuzeni zoona maminitsi khumi oyamba ndinkachita kumva thukuta, mawu amafika pakhosi ndikuwabweza. Kenako anayamba okha, anati mukudziwa achimwene, mnyamata uja anandisiyira njinga atamasula tcheni, amati akonza Loweruka. Anakamba za njingayo nthawi yaitali, mmene anaigulira ku Limbe, mmene mwanayo anagwera nayo pamtsetse koyamba. Ine ndimangoti eya, eya. Ndinapitanso mawa lake ndi mkuja. Sindikudziwa ngati ndinathandiza, koma tsiku lina atandiona pageti anatulutsa okha kampando kaja.

Pali kabukhu kamene amatilimbikitsa kusunga, khalidwe limodzi pa sabata, monga kuleza mtima kapena kusunga pakamwa, usiku nkulemba mizere iwiri ya pamene wagwa. Amati cheshbon hanefesh, kuwerengera moyo wako ngati mmene timachitira mabuku a ndalama, nde kwa ine wa akawunti zinandikomera. Akuti ndi mwambo wa Musar umene anaufalitsa Rabbi Israel Salanter ku Lithuania, anamwalira 1883, ndipo Ayuda ambiri a ku South Africa makolo awo anachokera ku Lithuania komweko. Sabata ya miseche tsamba linadzaza pofika Lachiwiri. Iwo amati olo nkhaniyo ikhale yoona, ngati ikuwononga mbiri ya munthu popanda phindu ndi miseche basi, nde tangoganizani magulupu a WhatsApp a kutchalitchi aja timayamba ndi tiwapempherere a uje. Kabukhuko panopa ndimalemba modumphadumpha, ndisaname.

Tsopano zosakoma. Choyamba, September kulowa October tchuthi chawo chimachulukana, chaka chatsopano, Yom Kippur, chikondwerero cha misasa, kenako tsiku lomaliza kuwerenga Torah, mabuku asanu a Mose aja, makalasi atatu anadumphidwa koma ndalama tinalipira yonse. Anatumiza ma voice note m'malo mwake koma sizofanana. Ndinadandaula kwa amene amayendetsa zolembetsa, anandiyankha mwaulemu koma palibe anabweza. Chachiwiri, amaponya mawu a Chiheberi ndi Yiddish, chinenero cha Ayuda ochokera ku Ulaya, ngati tonse tinakulira m'menemo, mwezi woyamba theka ndimangolemba mmene ndamvera nkukafufuza pambuyo. Anthu ambiri m'kalasimo ndi a mpingo wawo, ife akunja tilipo ochepa, mayi wina wa ku Lusaka, mnyamata wa ku Bulawayo ndi ine, nde nthabwala zina zimatidutsa. Chachitatu, zojambula amasunga masiku ochepa okha, magetsi akazima Lachitatu pawabanki ili yosatchaja nkuchedwa kudawuniloda ndiye kuti yapita. Ndipo musavutike kuwalembera Lachisanu dzuwa likalowa, foni sagwira mpaka Loweruka usiku nyenyezi zitatuluka. Anzathu a Seventh Day apa amvetsa.

China chimene ena sichingawakomere, rabbiyu ndi wa Orthodox, gulu la Ayuda okhwimitsa malamulo akale, pa anthu khumi aja amawerenga amuna okha. Mayi wa ku Lusaka uja anawafunsa molimba ndithu, iwo anayankha mosabisa kuti kwawo ndi choncho, koma pali Ayuda a magulu ena amene amawerenga amayi ndipo ali ndi ma rabbi achizimayi, woyamba anali Regina Jonas ku Germany mu 1935. Mayiwo sanakhutire, rabbi sanakakamize, anati funso limenelo likhale pompo tidzabwererenso. Ine ndinazolowera kuti mtsogoleri akayankha nkhani yatha, kumeneko kutsutsa mphunzitsi ndi gawo la kalasi, ukangokhala chete amakufunsa ngati netiweki yadula.

Ngati mukufuna kukawatembenuza, musataye ndalama. Mnyamata wina analowa sabata imodzi nkuyamba za Yesaya 53, rabbi anamuyankha mofatsa kuti Ayuda sakhulupirira kuti Yesu ndi Mesiya, iye akudziwa kuti ife timakhulupirira, ndipo kalasiyi si ya mtsutso umenewo. Iwonso sakopa munthu kuti akhale Myuda, miyezi inayi yonseyi sanandiuzepo kuti siya kwanuko, chimene anandifunsapo ndi chakuti kodi abusa anu munawapatsako moni sabata ino osawapempha kanthu. Za ndale ndi nkhondo za ku Middle East samalola m'kalasi. Ndipo inu amene mwakhala mukundifunsa ngati ali ndi ma connection a ntchito za kumafamu ku Israel, zija anyamata anayamba kupita 2023, ayi, munthuyu ali ku Joni ndipo nkhani zake ndi za mipando ya m'sunagoge ndi odwala amene waiwala kukawaona.

Pa 10 ndikupereka 8, ziwirizo ndachotsera makalasi odumpha aja ndi Chiheberi chosamasulira. Akulu a mpingo, amayi a mvano, aliyense amene amakhala m'makomiti nkumabwera kunyumba mutu ukuwawa, ikuyenerani, bola Chingerezi muzimva bwino poti amayankhula mothamanga. Ndalembetsanso ya January, msuweni ndamutumizira kale. Wa ku Chilomoni kuno amene akufuna kumvera kaye asanalipire abwere Lachitatu cha m'ma 7, tidzamvera limodzi pa sipika, koma abwere ndi pawabanki yake yotchaja poti yanga yayamba kutupa.