Makina a MIG a 200 amp: zimene ndaona patatha miyezi 8 ndikuwagwiritsa ntchito

Kwa zaka zambiri ndinkawotcherera zitsulo ndi ndodo zowotcherera zokha, ndipo makina a waya, otchedwa MIG, ndinkawaona ngati chida cha m'mafakitale akuluakulu. Chimene chinandisintha maganizo ndi ntchito ya mapaipi opyapyala a makona anayi, a 1.2 mm ndi 1.6 mm, amene ndodo imawabowola kawirikawiri ngakhale munthu atatsitsa moto mpaka pansi. Ndinagula makina a MIG a mtundu wa inverter, olembedwa 200 amp kutsogolo kwake, oyendera magetsi a 230 V a fezi imodzi, amene amalandira mpukutu wa waya wa 5 kg ndipo ali ndi tochi (chogwirira chotulutsa waya, pamodzi ndi chingwe chake) ya mamita 3 yolumikizidwa ndi cholumikizira cha Euro. Dzina la kampani sinditchula, chifukwa makina opangidwa mofanana ndi amenewa akugulitsidwa ndi mayina ambiri, ndipo zimene ndaona zikukhudza gulu lonselo.

Kwa amene sanawagwirepo, kagwiridwe kake nkosavuta kumva. Waya wopyapyala amachoka pa mpukutu, amakankhidwa ndi marola kudutsa m'kati mwa chingwe cha tochi, ndipo amatulukira pa kansonga ka mkuwa kamene kamamupatsa magetsi. Pa nthawi yomweyo gasi amatuluka m'nozulo mozungulira wayayo, kutchinga chitsulo chosungunuka kuti chisakumane ndi oksijeni ndi nayitirojeni za mumpweya. Njira imeneyi inayambika mu 1948 ku Battelle Memorial Institute ku America, ndipo poyamba inali yowotcherera aluminiyamu ndi gasi wokwera mtengo. Inafika pa chitsulo wamba mu 1953, pamene Lyubavskii ndi Novoshilov a ku Soviet Union anasonyeza kuti CO2 angathe kugwira ntchito yotchingayo. Ndi chifukwa chake m'mabuku ena mumapeza mayina awiri: MIG pamene gasi ndi argon kapena helium basi, ndi MAG pamene muli CO2 kapena oksijeni, ngakhale kuti ogwira ntchito ambiri zonsezi amangozitchula MIG.

Pa chitsulo chopyapyala makinawa andisangalatsa kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndi waya wa ER70S-6 wa 0.8 mm, mphamvu ya pafupifupi 17 V ndiponso liwiro la waya la mamita 4 kapena 5 pa mphindi, paipi ya 1.6 mm imalumikizika popanda kuboola, mzere umatuluka woyera wopanda makoko oti ugogode, ndipo munthu saimaima kusintha ndodo. Moto ukakhala bwino umamveka ndi khutu: phokoso limakhala losalala, lofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati nsalu yolimba ikung'ambidwa pang'onopang'ono. Waya akamathamanga kwambiri tochi imakankhika m'manja ndipo phokoso limaduka-duka. Akamachedwa, nsonga yake imasungunukira m'mwamba nkudontha madontho akuluakulu. Pa makina a mtundu uwu batani la liwiro la waya ndilo limakweza kapena kutsitsa ma amp, pamene batani la volteji limasintha kutalika kwa lawi ndi kufalikira kwa mzere. Zimenezi zinanditengera masiku kuti ndizizolowere, chifukwa dzanja lozolowera ndodo limafunafuna batani limodzi la moto.

Pali mbali ya synergic, imene imasankha yokha volteji ukaiuza kukula kwa waya, mtundu wa gasi ndi makulidwe a chitsulo. Imathandiza poyambira, koma pa makina anga imakonda kupereka moto wozizira pang'ono pa zolumikiza za ngodya, choncho ndimawonjezera theka la volti kapena imodzi. Batani la inductance ndinalinyalanyaza mwezi wathunthu, ndipo ndinalakwa, pakuti kulikweza pang'ono kumafewetsa lawi ndi kuchepetsa zothetheka zimene zimamatirira m'mbali mwa mzere.

Koma mtima wa makina a MIG si nambala ya ma amp yolembedwa ndi zilembo zazikulu. Mtima wake uli kuseri kwa kachitseko ka m'mbali, pamene pali marola okankha waya, ndipo apa ndi pamene makina anga ali ndi chofooka chachikulu. Ali ndi rola imodzi yoyendetsa ndi ina yopanikiza, zomangidwa pa chimango cha pulasitiki, ndipo kadzanja kopanikizira kamagwedera pang'ono ukakakhudza. M'sabata yachitatu waya anayamba kutuluka mojejemera, kenako anaima zii lawi lili pakati, nsonga yake nkusungunukira m'kansonga ka mkuwa. Nditatsegula kachitseko ndinapeza waya atapiringizana pakati pa marola ndi khomo la tochi ngati chisa cha mbalame, ndipo pansi pa marola panali fumbi lofiirira lonyezimira. Fumbilo linali mkuwa wokutira waya, umene unkapalika chifukwa ndinali nditamanga chopanikizira mopitirira muyezo poganiza kuti ndikuthandiza. Waya anali ataphwatalala, fumbi linali litadzaza m'laina, kapaipi kamene waya amadutsamo m'kati mwa chingwe cha tochi, ndipo motala inkakankha waya amene analibe kopita.

Gawo lina la vutoli linali langa, ndikuvomereza, koma gawo lina ndi la makinawo, chifukwa chopanikizira chake chilibe malo apakati odalirika: ukamasula pang'ono waya amaterereka, ukamanga pang'ono amaphwanyika. Njira imene yandithandiza ndi iyi. Ndimamasula chopanikizira mpaka waya atayamba kuterereka, kenako ndimamanga pang'onopang'ono uku ndikuloza tochi pa thabwa, pa mtunda wa masentimita ochepa, mpaka waya akamagunda thabwalo azipindika mmalo moima. Ndimaonanso buleki ya mpukutu, kuti ikhale yongokwanira kuimitsa mpukutuwo ndikasiya batani la tochi, osati yolemetsa motala. Ndinaphunziranso kuona nambala ya pa rola, chifukwa rola imodzi imakhala ndi ngalande ziwiri, ya 0.8 ndi ya 1.0, ndipo nkosavuta kuiika chotembenuza. Laina ndimaipopera ndi mpweya nthawi iliyonse ndikamasintha mpukutu, ndipo chingwe cha tochi ndimayesetsa kuti chikhale chowongoka pogwira ntchito. Chiyambire kuchita zimenezi, chisa chija chabweranso kamodzi kokha. Komabe munthu amene akusankha makina ayenera kutsegula kachitseko kameneka asanayang'ane china chilichonse, ndipo akapeza chimango chachitsulo kapena cha aluminiyamu, makamaka cha marola anayi, adziwe kuti wapeza chinthu cha phindu kuposa ma amp 20 owonjezera.

Nkhani yachiwiri ndi ya duty cycle, kutanthauza gawo la nthawi limene makina angawotcherere osatentha mopitirira, ndipo imalembedwa pa kachitsulo ka kumbuyo ndi zilembo zing'onozing'ono. Malinga ndi muyezo wa IEC 60974-1, nambala imeneyi imawerengedwa pa mphindi 10, kutentha kwa malo kuli 40 °C. Makina anga amapereka 200 amp pa 20% yokha, kutanthauza mphindi 2 zowotcherera ndi mphindi 8 zopuma; pa 60% amapereka pafupifupi 115 amp, ndipo mosalekeza amapereka pafupifupi 90. Pa ntchito ya mapaipi ndi mafelemu sindinaonepo nyali ya kutentha ikuyaka, chifukwa nthawi yambiri imapita pa kuyeza, kudula ndi kugwiriza. Koma tsiku limene ndinawotcherera mizere italiitali pa chitsulo cha 6 mm, makina anadzizimitsa kawiri, fani ikulira yokha. Amenewa kwenikweni ndi makina a 120 amp amene angathe kufika pa 200 kwa kanthawi, ndipo wogula aziwaganizira motero. Mwambi wa akatswiri wakuti milimita imodzi ya chitsulo imafuna pafupifupi 40 amp umasonyeza msanga pamene mphamvu yawo imathera.

Pa chitsulo cha 6 mm chomwecho ndi pamene ndinaona ngozi imene MIG imabisa. Ndinalumikiza tizidutswa tiwiri mwa ngodya, osapala khungu lakuda la kufakitale, ndi moto umene ndinkagwiritsa ntchito pa 3 mm. Mzere unatuluka wokongola, wosalala, wa timizere tofanana, moti aliyense akanauyamikira. Ndinakapanikiza kachidutswako pa vayisi nkukamenya ndi hamala kuchokera kumbuyo, ndipo pa kumenya kwachitatu kanathyoka. Mzere wonse unasendeka mbali imodzi, ndipo pansi pake chitsulo chinali chikadali chakuda, chosasungunuka nkomwe. Waya anali atangosungunukira pamwamba ngati phula. Ndodo ikakhala ndi moto wochepa imakana, imamatirira, imakuuza kuti zinthu sizili bwino, koma MIG imapitiriza kuthira chitsulo mwaulemu ngakhale pamene sichikulowa. Chifukwa cha ichi sindivomereza mawu amene ogulitsa amakonda, akuti makina awa aliyense angawadziwe tsiku limodzi. Kupanga mzere munthu angaphunziredi tsiku limodzi, koma kudziwa kuti mzerewo wagwira kumafuna kupala chitsulo ndi girayinda mpaka chiwale, kusema m'mphepete mwa chitsulo chokhuthala, kusunga lawi kutsogolo kwa chithaphwi chosungunuka, kusalola waya kutuluka kupitirira pafupifupi 10 mm kuchokera pa kansonga, ndiponso kuthyola zoyeserera kuti uone m'kati. Pa chinthu chonyamula katundu kapena moyo wa munthu, kuyesa kumeneku si kosankha.

Za gasi ndayesa mitundu iwiri. Wosakaniza wa argon 80% ndi CO2 20% amapereka lawi lofatsa ndi zothetheka zochepa, ndipo ndi amene ndimamukonda pa chitsulo chopyapyala. CO2 yekha amalowa mozama ndipo amatenga nthawi kutha, koma lawi lake ndi laukali ndipo ntchito yoyeretsa pambuyo pake imachuluka. Pa waya wa 0.8 mm malita 8 mpaka 12 pa mphindi amakwanira. Kutsegula gasi kwambiri sikuteteza bwino, koma kumavundula mpweya wakunja nkuulowetsa m'chithaphwi, ndipo timabowo timene munthu amafuna kuthawa timabwera ndithu. Mdani wamkulu ndi mphepo: kamphepo kongogwedeza masamba nkokwanira kuuluza gasi, mzere nkudzaza timabowo ngati siponji. Panja ndimagwiritsa ntchito waya wokhala ndi mankhwala m'kati, wa E71T-11, amene safuna silinda ya gasi. Pa waya ameneyu tochi iyenera kupita ku negetivu, pamene pa waya wamba imakhala ku pozitivu, ndipo pamafunika rola ya mano. Apa makinawa ndikuwayamikira, chifukwa kusintha kumeneku kumachitika kutsogolo ndi pulagi imodzi, osafuna sipanala.

Aluminiyamu ndinayesa kamodzi, ndi argon yekha, laina ya Teflon ndi rola ya ngalande ya U. Waya wake ndi wofewa kwambiri kwa marola ofooka ngati awa, ndipo amene ntchito yake yaikulu ndi aluminiyamu afune makina olandira tochi yokhala ndi mpukutu wakewake.

Zipangizo zimene zinabwera m'bokosi nzosakanikirana. Tochi ndi yabwino, yopepuka, ndipo popeza ndi ya mtundu wofala wa MB15, tinsonga ndi manozulo ake amapezeka mosavuta, chimene ndi chinthu chofunika kufunsa musanagule makina alionse. Chopanira cha ethi, chimene chimapanidwa pa chitsulo chowotchereredwa kuti magetsi abwerere ku makina, ndi chachitsulo chopyapyala chokhala ndi kachingwe kochepa, ndipo chinkatentha mpaka kuvuta kugwira. Nditachisintha ndi chamkuwa, lawi linayamba kuyaka msanga ndi kukhazikika, moti ndinazindikira kuti zina zimene ndinkanamizira makina zinali za chopaniracho. Kachishango ka m'manja kamene amaikamo nkosathandiza, chifukwa MIG imafuna manja onse awiri pa tochi.

Chitetezo pa makina awa chimafuna chidwi chapadera, chifukwa kusowa kwa makoko ndi kuchepa kwa utsi kumapusitsa. Kuwala kwa UV nkwamphamvu, ndipo tsiku lina nditagwiriza tizidutswa tochepa kolala ili yotsegula, madzulo khosi linali lofiira ndi lowawa. Ndimavala chipewa chodzidetsa chokha pa mlingo wa mdima wa 10 mpaka 12, magolovesi achikopa ndi malaya a thonje a manja aatali. Mu 2017 bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika utsi wa kuwotcherera m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu, choncho mutu suyenera kukhala pamwamba pa utsi, ndipo malo azikhala opita mpweya popanda kuuluza gasi. Chitsulo chokutidwa ndi zinki chiyenera kupalidwa kaye, pakuti utsi wake woyera umadwalitsa ngati malungo, ndipo mankhwala otsukira okhala ndi klorini asayandikire lawi, chifukwa amatulutsa mpweya wa poizoni wa phosgene. Silinda ikhale yoimirira ndi yomangidwa ndi tcheni.

Kwa munthu amene ntchito yake ili pakati pa 1 mm ndi 5 mm, m'kati mwa nyumba yogwirira ntchito, monga mafelemu, mageti, mashelefu ndi zigamba za bodi ya galimoto, makinawa ndi oyenera kugula, malinga ngati asintha chopanira cha ethi tsiku loyamba ndi kuphunzira kusamala marola. Kwa wowotcherera chitsulo chokhuthala tsiku lonse sadzakwanira, ndipo ayang'ane makina a mafezi atatu, olandira mpukutu wa 15 kg. Ine makina anga a ndodo sindinawachotse pa benchi: chitsulo cha dzimbiri, ntchito ina ya pamphepo ndi chilichonse chopitirira 6 mm ndimapitabe nacho kumeneko, pamene mapaipi onse opyapyala tsopano akudutsa pa waya wa 0.8 mm.