Uphungu wa maloya pa mlandu woipitsa mbiri: ndalama yanga sinapite pachabe

Kampani ina ya maloya ku Limbe imapereka uphungu wolipira kwa anthu amene alandira kalata yowaopseza kuti asumiridwa chifukwa choipitsa mbiri ya munthu. Ine ndinapitako nditalemba pa gulu la WhatsApp la makolo kuti msungichuma wa komiti ya sukulu sanafotokoze bwino za ndalama zomangira mpanda.

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti loya wake, mayi wodekha, sanandinyengerere. Anawerenga uthengawo pa foni yanga mzere ndi mzere, kenaka anasiyanitsa mawu onena zochitika ndi mawu ongopereka maganizo, chifukwa kudziteteza kwake n'kosiyana. Pa zochitika, chitetezo ndi choonadi, koma udindo wobweretsa umboni uli pa amene analembayo, osati pa wodandaula. Kunena kuti "aliyense akunena zomwezi" kapena kuti "ndinangotumiza zimene ndinalandira" sikupulumutsa munthu kukhoti, pakuti wobwereza nkhani yoipitsa mbiri amayankha mlandu mofanana ndi amene anaiyambitsa. Maganizo amatetezedwa ngati nkhaniyo ikukhudza anthu ambiri, yatsamira pa mfundo zoona, ndipo sinalembedwe mwanjiru. N'chifukwa chake anandituma kukafuna malisiti ndi zolembedwa za misonkhano ya komiti, osati mboni za mphekesera.

Anandifotokozeranso kuti phungu polankhula m'Nyumba ya Malamulo komanso mboni m'khoti sangasumiridwe pa zimene anena kumeneko, pomwe dandaulo loperekedwa mwachilungamo kupolisi kapena kwa mphunzitsi wamkulu limatetezedwa pokhapokha ngati palibe njiru. Ambiri anamva kuti mu 2025 khoti linagamula kuti gawo 200 la Penal Code, lomwe ndi buku la malamulo a milandu ya upandu, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo akuganiza kuti nkhani zoipitsa mbiri zinatheratu. Ayi, chinachotsedwa ndi kuzengedwa mlandu wa upandu pansi pa gawo limenelo. Kusumiridwa kuti ulipire chipukuta misozi kudakalipo, ndipo kupepesa kungachepetse ndalamazo osati kufafaniza mlandu.

Zofooka zilipo. Tinakambirana m'Chichewa, koma uphungu wolembedwa unabwera m'Chingerezi cha maloya chokhachokha, chimene kholo wamba silingachitsatire, ndipo mtengo woyankhira kalata ya wodandaula sanaunene poyamba. Amene thumba lake ndi lopyapyala ayambe wafunsa ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya, koma amene angathe kulipira apite asanayankhe kalatayo yekha.